Mphwanga aphunzire kukonza chiyani? Ndikufunsa za zipangizo za mawa

Malume wa ku Ndirande:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ine ndimakonza zamagetsi kuno ku Ndirande, chakumunsi kwa msika: mawailesi, ma TV, maayironi, maketulo, nthawi zina mafoni. Mwana wa mchemwali wanga walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Bambo ake anatisiya kalekale, ndiye za tsogolo lake zili pa ine malume wake. Mnyamatayo ali ndi manja abwino, akagwira sikuludiraiva sanjenjemera, ndipo chinthu chikakana safulumira kutaya mtima. Ndalama yomulipirira sukulu ya ntchito zamanja ndasonkhanitsa, koma ndi ya ulendo umodzi wokha. Sindikufuna aphunzire ntchito imene ikupita kumanda.

Funso langa ndi ili: ndi chipangizo chiti chimene lero tikuchiona ngati cha mabwana a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, koma zaka khumi zikubwerazi mayi wa ku Mbayani kapena ku Bangwe dzuwa silidzamulowera asanachigwire?

Ndikufunsa chifukwa ntchito ndaziona zikufa ine ndili pompano. Mmene ndinkayamba, nsima yanga inkachokera ku mawailesi a kaseti: kusintha kalamba, kupukuta mutu ndi sipiriti, kuwongola tepi yotafunidwa. Kenako kunabwera ma CD ndi ma DVD, nawonso anadutsa. Amene munali mu Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mukukumbukira timatebulo ta telefoni m'mbali mwa msewu, mtsikana atakhala ndi kope akuwerengera mphindi. TNM inayamba mu 1995, Celtel inabwera mu 1999, koma nthawi imeneyo foni ya m'manja tinkaiona pa lamba wa bwana basi. Amene anathira ndalama zawo zonse m'timatebulo tija anangodzuka tsiku lina makasitomala kulibe.

Chimene chimandiganizitsa kwambiri ndi ndalama za pafoni. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ambiri amene ndinkacheza nawo ankakana kwamtuwagalu, amvekere ndalama yosaigwira m'manja si ndalama. Lero mayunitsi a magetsi ndi pafoni, madzi pafoni, fizi pafoni, chipepeso cha maliro kumudzi pafoni. Ndipo taonani mmene zinthu zamangirirana. Mu 2017 tinalembetsa ziphaso za unzika, mu 2018 anati simukhadi iliyonse ilembetsedwe, ndiye wopanda chiphaso nambala imamuvuta, wopanda nambala ndalama sizimufika. Palibe tsiku limene tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tikufuna zimenezi. Tinangozindikira kuti popanda izo tsiku silitha.

Kuganiza kwanga, chimene chikubwera ndi batire. Osati sola yokha ayi, koma chosungira magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa kupitirira chaka kuti abwerere. Miyezi imeneyo pa benchi panga panasinthiratu. M'malo mwa ma TV, anthu ankabweretsa mainveta (zosintha moto wa batire kukhala ngati magetsi a m'nyumba) opsa, nyali za sola, mabatire a galimoto otupa chifukwa chowagwiritsa ntchito m'nyumba mpaka kutheratu moto. Ometa, osoka, ogulitsa zoziziritsa kukhosi, aliyense ankafuna kanthu koti kamufikitse madzulo. Magetsi atakhazikikako, anthu aja zinthu zawo sanagulitse. Amene anali ndi kakang'ono anayamba kusungira ndalama ya kokulirapo.

Mu Blantyre muno nyumba iliyonse ili ndi ndowa kapena mgolo wosungira madzi, poti tonse timadziwa kuti mpopi umauma osatsanzika. Ine ndikuona batire ikudzakhala mgolo wachiwiri pakhomo.

Amene akundikopa kwambiri ndi mabatire atsopanowa a lithium. Ukatsegula kabokosi kamene mwini wake akuti kafa, umapeza timabatire tozungulira titandandalikana, pambali pake kabodi kakang'ono koyang'anira kuti tisadzaze mopyola muyeso kapena kutheratu. Ukayeza kamodzikamodzi, nthawi zambiri chafa ndi kabodiko kapena kabatire kamodzi, tina tonse tili moyo. Koma poti odziwa ndi ochepa, mwini wake amakataya chonsecho kudzala, chinthu chimene dziko linagula ndi madola. Zimandipweteka mtima. Ngakhale akuluakulu alowera komweko: malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, anawamanga pamodzi ndi mabatire ake.

Mwina ndikuona batire chifukwa ndi zimene zimafika pa benchi panga. Inu kumene muliko mukuona chiyani?

Mayi wa lesitilanti ku Limbe:

Achimwene, choyamba ndikuthokozeni posamala mwana wa mlongo wanu, ambiri masiku ano amangoona ana a m'nyumba mwawo. Za batire sindikutsutsa. Koma inu abambo mukamanena za magetsi mumaganiza za nyali, foni ndi mpira wa pa TV. Ife amene timadzuka 4 koloko kukoleza moto, chimene chikutidya ndi chophikira.

Ine ndimaphika nsima, mpunga, nyemba, nkhuku, ndi chambo chikapezeka, kufupi ndi depoti ya mabasi. Panali nthawi imene ndalama ya makala pamwezi inkaposa ya lendi. Ndipo makala amenewa chaka ndi chaka akuchokera kutali. Kaimeni pamsewu wa Zalewa m'mamawa muone anyamata akukankha njinga zosenza matumba kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza, thukuta lili kamukamu. Mitengo ikatha kumeneko adzalowera kuti? Inu a ku Ndirande tangokwezani maso muone phiri lanu. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikudziwa kuti linali ndi nkhalango, lero ndi miyala ndi timinda ta chimanga. Ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy, palibe wa mu Blantyre angaziiwale. Ine ndinaperekeza kumanda anthu amene ndinkapemphera nawo. Makala tidzawasiya ndithu, kaya ndi chifukwa cha lamulo, kaya chifukwa cha mtengo wake.

Chimene ndikuona chikudzalowa m'khitchini iliyonse ya magetsi ndi mphika wotsekera mpweya uja, pressure cooker yamagetsi. Mwana wanga anandigulira umodzi. Nyemba zouma, zimene pambaula zimadya m'mawa wonse uku ukuthirira makala ndi madzi, mmenemo zimapsa ola lisanathe, ndipo mita sichotsa ndi yuniti imodzi yomwe. Tsiku loyamba ndinachita kuima pa mita n'kumayang'ana manambala, osakhulupirira. Nthumbwana, nyama ya ng'ombe yolimba, chimodzimodzi. Nsima ya anthu ambiri yokha ndi imene imafunabe moto wamphamvu, ndipo pamenepo ndinasamukira ku gasi. Gasi anthu amamuopa, amati aphulitsa nyumba. Koma akangoona mnzawo akuphika m'nyumba kunja mvula ikugwa, maso osalira ndi utsi, mapoto osada, mawa lake amayamba kufunsa mtengo wa silinda yaing'ono.

Tsono vuto ndi ili. Mphika wanga uja labala la pachivundikiro linatha, mpweya ukumatulukira m'mbali, ndipo masiku ena umangozima wokha. Ndazungulira m'mashopu osalipeza labalalo, okonza amene ndawapititsira amaopa kuutsegula. Wangokhala pamwamba pa kabati, ine ndabwerera ku mbaula pa nyemba. Mphwanuyo akadziwa kukonza miphika imeneyi ndi kulumikiza gasi bwinobwino osatuluka mpweya, azimayi a mu Limbe tokha tingamudyetse.

Malume wa ku Ndirande:

Mayi, mphikawo musautaye, ndikufuna ndiuone. M'kati mwake mulibe zoopsa: muli chotenthetsera, kachipangizo koyeza kutentha ndi mpweya, fyuzi, ndi kabodi. Kuzima wokhako mwina kukuchokera ku labala lomwelo, poti mpweya ukamathawa madzi amauma msanga ndipo mphika umadziteteza.

Mwanditsegula maso pa chinthu china. Hotipuleti imakoka mawati 1,000 kapena kuposa nthawi yonse imene nyemba zili pamoto, ndiye kuphikira batire n'kosatheka kwa munthu wamba. Mphika wanuwo umakoka mphamvu poyamba pokha, ukatentha umadzizimitsa n'kumasunga kutentha m'kati. Chimenecho ndiye chipangizo choyamba chophikira chimene batire ya pakhomo ingathe kunyamula. Zanu ndi zanga zikhoza kudzayenda limodzi.

Wakabaza wa ku Machinjiri:

Malume, batire yanuyo ndagwirizana nayo, koma muikweze pa matayala awiri. Ine ndimayendetsa njinga yamoto, ndimathamanga pakati pa Machinjiri, Chirimba ndi m'tauni.

Amene sanagonepo pamzere wa mafuta sangamve zimene ndikunena. Mu 2022, ndiponso chakumapeto kwa 2024, tinkagona pa filing'i siteshoni utakhalira njinga, udzudzu ukukudya, kukacha n'kumva kuti thankala sinabwere. Mwini njinga naye ndalama yake ya tsiku akuifuna, za mzere sizimukhudza. Ukagula a m'zigubu mtengo ndi wowirikiza, ndipo ena ndi osakaniza, injini n'kuyamba kutsokomola pakati pa chitunda kasitomala ali kumbuyo. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Dontho lililonse la petulo limadutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa pa pampu unakwera masiku omwewo, koma kasitomala ukamuuza kuti ulendo wakwera amayamba kuyenda wapansi. Magetsi, olo amathima, ndi athu. Madzi a Shire sitiitanitsa kunja, dzuwa limene likupanga mamegawati 60 ku Salima sitilipira dola.

Ku Kigali m'dziko la Rwanda anzathu a ntchito ngati yanga ambiri ali pa njinga zamagetsi. Kampani ya Ampersand inayamba zoti batire siukhala nayo yako ayi: ikatha umafika pa siteshoni, amakuchotsera, amakuikira yodzaza, umalipira n'kumapita, mphindi zochepa chabe. Palibe kusintha oyilo, palibe pulagi, palibe kabuleta yotsekeka. Amene timadziwa ndalama imene imathera pa zinthu zitatu zimenezi pachaka, nkhani imeneyi sitiimva ngati nthano. Zikadzangofika kuno ndi njira yolipira pang'onopang'ono, siteji yathu yonse idzasamuka.

Nkhawa ndili nazo ziwiri. Blantyre si Lilongwe, kuno ndi zitunda zokhazokha. Ndikufuna ndidzaione njingayo itanyamula mayi ndi thumba la chimanga la makilo 50, dzinja, matope ali tho, ikukwera kumtunda kwa Ndirande kwanuko. Yachiwiri ndi masipeya. Njinga tili nazozi zinafala chifukwa tcheni, mabuleki ndi makebulo amapezeka paliponse, ndipo makaniko ali pansi pa mtengo uliwonse. Yamagetsi ikadzafera ku Lunzu usiku, adzaigwira ndani? Pamenepo ndi pamene mphwanuyo angadyere.

Za galimoto zamagetsi ine ndiye ayi, si zapafupi. Anthu akugulabe zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan, ndipo azigulabe.

Wophunzira wa ku Chichiri:

Ndine wamng'ono pakati panu, koma ndiloleni ndiikepo mlomo. Ndikuphunzira zamakompyuta ku MUBAS, imene akuluakulu mumaitchulabe kuti Poly. Kwa ine chimene chidzakhale cha tsiku ndi tsiku ndi foni yoti uilankhule m'Chichewa iyo n'kukuyankha m'Chichewa, izi akuti AI.

Ndimaonera agogo anga ku Chiradzulu. Kuwerenga sadziwa, koma pa WhatsApp amatumiza mawu ojambula tsiku lililonse. Ndalama ndikawatumizira amapita kwa ajenti n'kumupatsa foni pamodzi ndi nambala yachinsinsi, poti zolembedwazo sangazitsate. Zimandidetsa nkhawa kwambiri. Tsiku limene adzathe kungonena kuti "ndiuze, zatsala zingati?" foni n'kuwayankha, sadzaperekanso foni yawo kwa munthu. Kufunsa nzeru pafoni anthu anazolowera kale. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, pano chili dziko lonse pa 54747. Kumeneko amayankha ndi anthu, ndipo anthu ophunzira ntchitoyo ndi ochepa. Alangizi a zaulimi nawonso ndi ochepa poyerekeza ndi alimi. Mlimi akadzatha kujambula tsamba la chimanga lodyedwa n'kuuzidwa m'chiyankhulo chake ngati ndi mbozi zija za ntchemberezandonda kapena ayi, foniyo idzakhala chida cha kumunda.

Koma sitinafike. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo mpaka lero makinawa amapunthwa akakumana ndi Chichewa cha pamsika wa Limbe, chosakanikirana ndi Chiyao, Chilomwe ndi Chingelezi. Choipa kwambiri n'chakuti amayankha molimba mtima ngakhale pamene akuphonya, ndipo pa nkhani ya mankhwala a mwana zimenezo n'zoopsa. Bandulo nayo ndi yodula, mafoni otha kunyamula zimenezi ambiri alibe. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inafika kuno mu 2023, koma sindikuona mbale yake ikudzakhala padenga lililonse. Ndikuona mbale imodzi pa hositelo, pasukulu kapena pagolosale, oyandikana nawo n'kumagulako maola.

China chimene sichikambidwa mokwanira ndi akuba. Mameseji aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tonse tinawalandirapo. Makina otha kutengera mawu a munthu alipo kale. Mawa mayi adzalandira foni, mawu enieni a mwana wawo wa ku Joni akulira kuti wamangidwa, atumize ndalama msanga. Ndiye njira yotsimikizira kuti wolankhulayo ndi iyedi, kaya ndi chala kaya ndi nkhope, tidzaifuna tonse, ndi agogo omwe.

Malume, mphika wa mayi, njinga ya achimwene ndi inveta yanu zonse zili ndi kabodi m'kati, ndipo mabodi ambiri masiku ano ali ndi kapulogalamu. Mchimwene wangayo apite ku zamagetsi, kaya ku Soche Technical College kaya kwina kovomerezeka ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, koma kompyuta asaiope, ndipo azolowere kuwerenga mapepala ofotokoza zipangizo, poti amabwera m'Chingelezi.

Gogo wa ku Chilomoni:

Ana inu mwalankhula zanzeru, koma mgolo uja mwangoutchula n'kuudutsa. Ine ndinagwira ntchito ya mapaipi mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndinene za madzi.

Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike kuno. N'chifukwa chake madzi a mzinda uno ndi odula kuwabweretsa, ndipo magetsi akathima kumapampu, a kumtunda ndiwo amayamba kuona mpopi ukutulutsa mphepo. Damu la Mudi ndi laling'ono. Madzi a ku Likhubula ku Mulanje, amene anayamba kufika mu 2019, anathandizako koma sanathetse ludzu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda muno, ndipo nyumba zikumangidwabe mpaka m'mapiri kumene paipi sinafike.

Munthu akhoza kugona mumdima, akhoza kuyenda wapansi, koma madzi sangawadikire sabata. Kolera uja wa 2022 ndi 2023 munamuona, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Anthu mipopi ikauma amathamangira ku zitsime zosaya zimene zili pafupi ndi zimbudzi, ndi kumitsinje ngati Mudi ndi Nasolo imene tonse tikuidziwa mmene ilili. Ndiye ine ndikuona zinthu izi zikulowa pakhomo ndi pakhomo: mita ya madzi yolipiriratu, imene yayamba kale, thanki ya pamwamba, sefa yodalirika ya madzi akumwa, ndi kapampu ka sola kumene kuli chitsime chakuya. Zouluka zopanda woyendetsa zija anayamba kuziyesa ku Kasungu mu 2017 n'zabwino ku zipatala, zinyamule magazi ndi mankhwala, koma pakhomo panga sindidzazifuna.

Mapampu a solawa akuikidwa ambiri tsopano, m'matchalitchi, m'sukulu ndi m'minda ya kudimba, ndipo ambiri sakhalitsa. Oika ake amadziwa waya koma madzi sawadziwa, kapena amadziwa paipi koma magetsi amawaopa. Amene ndawaona atapsa, ochuluka anapsa chifukwa choyenda chitsime chitaphwa mu Okutobala, woika uja ataumira kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika. Ena anawakhazika pansi penipeni pa chitsime n'kumamwa mchenga. Achimwene a ku Ndirande, mukamasankha sukuluyo mufunse ngati amaphunzitsako za mapampu, ndipo ngati saphunzitsa, mnyamatayo azibwera kuno Loweruka, masipanala anga akadalipo.